Mmene Mungaonetsere Achibale Mzinda Wanu M'nyengo Yotentha

Achibale akatumiza uthenga woti abwera kudzacheza m'nyengo yotentha, munthu wokhala mumzinda amayamba kuwerengera mumtima malo onse otchuka amene akufuna kukawaonetsa, ndipo posakhalitsa amapezeka kuti wakonza ndondomeko imene ngakhale mnyamata wamphamvu sangaikwanitse. Chikhumbo chimenechi chimachokera m'chikondi, koma chikapanda kuwongoleredwa chimatopetsa alendo, chimawononga ndalama, ndiponso chimawalanda chinthu chimene anadzera, chomwe ndi kukhala ndi inu. Mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu pa zonse ndi yakuti ndondomeko ya maulendo anu itsatire mphamvu za munthu wofooka kwambiri pagululo komanso kayendedwe ka dzuwa, osati kuchuluka kwa malo amene mzinda wanu uli nawo.

Ntchito yeniyeni imayamba alendowo asananyamuke kwawo. Aimbireni foni ndi kuwafunsa kuti akubwera angati, adzakhala masiku angati, ndiponso ngati pali wina amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku kapena amene dokotala anamuletsa zakudya zina. Akuluakulu ambiri sakonda kuulula zofooka zawo kwa ana awo, moti mukangofunsa kuti ali bwanji, yankho limakhala lakuti ali bwino ngakhale pamene miyendo ikuwavuta. Funso lolunjika koma laulemu ndi limene limathandiza, monga lakuti, "Amayi, kodi mawondo aja akumakulolani kuyenda mtunda wotalika bwanji masiku ano?" kapena lakuti, "Agogo, kodi masitepe mukumakwera popanda vuto?" Mayankho a mafunso otere ndi amene angakuuzeni malo oyenera kupitako ndi malo oyenera kuwasiya. Pa nthawi yomweyo pemphani aliyense, ngakhale ana, kuti atchule chinthu chimodzi chokha chimene akulakalaka kudzaona kapena kudzachita. Kawirikawiri zofuna zawo zimakhala zazing'ono poyerekeza ndi zimene inu mumaganiza: wina amangofuna kukwera sitima, wina amafuna kuona bwalo la mpira limene amangolimva pa wailesi, ndipo wina amafuna kukagula nsapato pamalo pamene pali zosankha zambiri. Zimenezi muzilembe, ndipo zikhale maziko a ndondomeko yonse.

Tsiku lofika lisakhale ndi ulendo wina uliwonse. Munthu amene wakhala maola ambiri m'basi, m'sitima kapena m'ndege amafika miyendo itatupa ndiponso madzi atachepa m'thupi, chifukwa apaulendo ambiri amadzimana madzi poopa kufuna chimbudzi panjira. Ngati achokera kudziko limene nthawi yake imasiyana ndi yanu, tulo tawo timasokonekera, ndipo thupi limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse la kusiyanako kuti likhazikike. Munthu wochokera kumalo ozizira amafunikanso sabata imodzi kapena ziwiri kuti thupi lake lizolowere kutentha, zomwe zikutanthauza kuti alendo ambiri amabwerera kwawo asanazolowere n'komwe. Kuwonjezera apo, mzinda umatentha kuposa madera ouzungulira, popeza phula, konkire ndi njerwa zimasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Tsiku limene inu mumaliona ngati wamba likhoza kukhala lolemetsa kwa mlendo, ndipo iye sanganene chifukwa cha ulemu.

Pa masiku otsatirawo, tsiku lililonse muziligawa patatu. Nyamukani m'mamawa kukadali kozizirirapo, ndipo malo apanja monga mapaki, misika, zipilala zachikumbutso ndi misewu yakale muwayendere dzuwa lisanakwere. Kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo cheza cha dzuwa chimakhala champhamvu kwambiri, ndipo mpweya umatenthetsetsa dzuwa litapendeka kale, osati pamene lili paliwombo. Maola amenewa ndi oyenera kukhala pansi pa denga, kaya m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, mulaibulale, m'sitolo zikuluzikulu zokhala ndi makina oziziritsira mpweya, kapena kunyumba kwanu komwe, kumene agogo angagoneko pang'ono ana akusewera pamthunzi. Kukayamba kuzizira mukhoza kutulukanso kwa ola limodzi kapena awiri, pakuti mzinda umaoneka mwa mtundu wina magetsi akayaka, ndipo kwa wachibale amene sakhala mumzinda zimenezi zokha zimakhala zosangalatsa.

Pa tsiku limodzi konzani chinthu chachikulu chimodzi chokha, ndipo chachiwiri chikhale chaching'ono, choti mukhoza kuchisiya popanda wina kudandaula. Munthu wamkulu wathanzi amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola, koma gulu limene muli mwana wa zaka zitatu ndi agogo oyendera ndodo siliyenda choncho, makamaka mukawerengera nthawi yojambula zithunzi, yogula madzi ndi yofunafuna chimbudzi. Nthawi imene mapu a pa foni akukuuzani muziiwirikiza kawiri. Inu amene mukutsogolera musamayende patsogolo patali n'kumacheuka, chifukwa wotsalira m'mbuyo amadzimva kuti akuchedwetsa anzake ndipo amayamba kudzikakamiza. Yendani pambali pa woyenda pang'onopang'onoyo, ndipo muzinena nokha kuti tipume, musadikire kuti iye apemphe.

Posankha malo, ndi bwino kuyamba ndi pamalo okwera pamene mzinda wonse umaonekera, kaya ndi paphiri, pansanja, pamlatho kapena pamwamba pa nyumba yosanja imene anthu amaloledwa kukwera. Muli pamenepo, alozereni kumene anatsikira, kumene kuli nyumba yanu, kumene kuli pakati pa mzinda ndiponso kumene mudzapite masiku otsatira. Mlendo amene wauona mzinda kuchokera pamwamba sasokonezeka kwambiri akamayenda m'misewu yake, ndipo zimene mukumuuza pambuyo pake zimakhala ndi pokhazikika m'maganizo mwake.

Malo otchuka ali ndi phindu lake, ndipo sikungakhale chilungamo kuti mlendo abwerere kwawo asanaone chinthu chimene mzinda wanu umadziwika nacho, popeza anthu akamufunsa za chinthu chomwecho. Komabe achibale sali ngati alendo odzaona malo amene amatsika m'basi ndi makamera. Mayi amene mwana wake anachoka pakhomo zaka zambiri zapitazo amafuna kudziwa msewu umene mwanayo amadutsa m'mawa uliwonse, geti la kuntchito kwake, sukulu ya adzukulu, chipatala chimene amapita akadwala, ndiponso anthu oyandikana naye amene angathamange pakagwa vuto. Bambo amafuna kuona ngati dera limene mukukhala lili lotetezeka ndiponso ngati mukugwirizana ndi anthu. Mng'ono wanu amene akuganiza zodzaphunzira kapena kudzagwira ntchito mumzinda amafuna kuona mmene anthu amakwerera basi m'mawa ndi kumene kuli makoleji. Zinthu zimenezi sizilembedwa m'mabuku otsatsa malo, koma ndi zimene zimakhalitsa m'mitima mwawo. Patulani tsiku lathunthu loti muwayendetse m'moyo wanu wa tsiku ndi tsiku, muwadziwitse kwa anzanu awiri kapena atatu, ndipo muwauze mmene munavutikira kapena mmene munathandizidwira pamene munkafika kumene mumzindamo. Akadzabwerera kwawo, mukamadzawauza pa foni kuti mwachedwa chifukwa cha mdipiti wa magalimoto pamlatho, iwo adzakhala akuuona mlathowo m'maganizo, ndipo nkhawa imene kholo limakhala nayo pa mwana wokhala kutali imachepa likadziwa kumene mwanayo amaponda.

Anthu ambiri amakhala mumzinda zaka zambirimbiri osadziwa mbiri ya nyumba zimene amazidutsa tsiku lililonse, ndipo kubwera kwa alendo ndi mwayi woti aiphunzire. Werengani pang'ono za malo aliwonse amene mukufuna kupitako: chaka chimene anamangidwa, amene anawamanga, ndi chifukwa chake dzina lake lili lotero. Nkhani ziwiri kapena zitatu zoona n'zokwanira pa malo amodzi. Mukafunsidwa chinthu chimene simunachiwerenge, funsani ogwira ntchito pamalopo kapena werengani limodzi chikwangwani chimene chaikidwa, kusiyana ndi kupeka yankho limene mlendo akalifalitse kwawo ngati choonadi. Muwapatsenso akuluakulu mpata wolankhula, chifukwa mwina amalume anu anaudziwa mzindawo kale inu musanabadwe, ndipo akhoza kukuuzani zimene zinali pamalo pamene lero pali nyumba zosanja.

Musanapite ndi gulu kumalo alionse, tsimikizirani masiku ndi maola amene amatsegula. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatseka tsiku limodzi pa sabata, ndipo m'mizinda yambiri tsikulo limakhala Lolemba. M'nyengo ya tchuthi mizere imatalika, choncho ngati matikiti amagulitsidwa pa intaneti muwaguliretu, ndipo mufunse ngati ana, ophunzira ndi okalamba amalipira mtengo wotsikirapo, chifukwa kumalo ena amafuna kuona chiphaso asanachotsere. Ngati n'kotheka, yendani nokha njirayo masiku angapo alendo asanafike, mukuyang'ana zinthu zimene munthu wamphamvu saziona: pamene pali mabenchi ndi mthunzi, pamene pali zimbudzi zaukhondo, kuchuluka kwa masitepe, ndiponso ngati pali chikepe kapena njira yodutsa njinga ya olumala. Nkhani ya chimbudzi musaipeputse, pakuti munthu wamkulu, makamaka mpongozi, akhoza kuvutika mwakachetechete kwa maola ambiri posafuna kuitchula. Njira yaulemu ndi yongoima pafupi ndi chimbudzi nthawi ndi nthawi ndi kunena kwa gulu lonse kuti aliyense wofuna kudzithandiza apite, popanda kuloza munthu.

Za mayendedwe, pewani maola amene anthu amapita ndi kuweruka kuntchito, chifukwa basi yodzaza pa tsiku lotentha imafooketsa ngakhale munthu woizolowera. Kukwera basi kapena sitima ya mumzinda kamodzi kumasangalatsa ana, koma pobwerera anthu atatopa ndi bwino kulipira takisi. Ngati mukuyendetsa galimoto yanu, tsitsani okalamba pakhomo penipeni pa malowo musanakafune poimika.

Kutentha ndi nkhani ya moyo, ndipo wolandira alendo ayenera kuidziwa bwino. Aliyense akhale ndi botolo lake la madzi, ndipo muziwakumbutsa kumwa pafupipafupi osadikira ludzu, popeza munthu akamakalamba samva ludzu msanga ngakhale madzi atachepa m'thupi, pamene ana amaiwala kumwa akatengeka ndi masewera. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi achepa. Mowa umawonjezera vutoli, choncho suyenera kumwedwa masana muli pa ulendo. Wodwala mtima kapena impso amene dokotala anamuikira malire a madzi atsatire zimene anauzidwa. Mwana wosakwana miyezi 6 amene akuyamwa bere lokha safunika madzi, koma ayamwitsidwe pafupipafupi ndipo asaikidwe padzuwa. Zovala zikhale zopepuka, zosathina ndi zowala, chipewa chikhale chachikulu chophimba makutu ndi khosi, ndipo nsapato zikhale zimene munthu anazizolowera kale, chifukwa nsapato zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo (nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake) azipakidwa maola awiri alionse ndiponso munthu akatuluka m'madzi. Khungu lakuda nalonso limapsa ndi dzuwa, ndipo wachibale wachialubino amafunika chitetezo chokwanira cha zovala zamanja aatali, chipewa, magalasi ndi mafuta, ngakhale pa tsiku la mitambo, popeza mitambo sitsekereza cheza chonse cha dzuwa.

Muzidziwanso zizindikiro za munthu amene kutentha kwamugonjetsa. Poyamba amatuluka thukuta lambiri, mutu umamupweteka, amamva chizungulire ndi nseru, ndipo minofu ya m'miyendo imakokana. Mukaona zimenezi mupititseni pamthunzi kapena m'chipinda chozizira, mumugoneke miyendo itakwezedwa pang'ono, mumasule zovala zothina, mumuike nsalu yonyowa pakhosi ndi m'khwapa, mumukupize, ndipo azimwa madzi pang'onopang'ono. Ngati wataya thukuta lambiri, madzi okwana lita imodzi osakaniza ndi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere amathandiza kubwezeretsa zimene thupi lataya. Akapanda kupeza bwino pakatha mphindi 30, funani thandizo la chipatala. Koma ngati wayamba kusokonezeka maganizo, kulankhula zosamveka, kunjenjemera ngati wakhunyu kapena kukomoka, ndiye kuti kutentha kwa thupi lake mwina kwafika madigiri 40 a Celsius kapena kupitirira, ndipo moyo wake uli pangozi. Itanani ambulansi kapena thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mukupitiriza kumuziziritsa ndi madzi, ndipo munthu amene wakomoka musamumwetse kanthu. Nambala ya thandizo ladzidzidzi ndi dzina la chipatala chapafupi zikhale mu foni yanu alendo asanafike.

Mwana kapena wokalamba asasiyidwe m'galimoto yoimikidwa ngakhale kwa kanthawi kochepa, chifukwa m'kati mwake kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pa mphindi 10 zokha, ndipo kutsegula pang'ono mawindo sikuthandiza kwenikweni. Mankhwala nawonso asasiyidwe m'galimoto, makamaka insulini ya odwala matenda a shuga, imene imawonongeka ikatenthedwa. Ngati mwanyamula chakudya chophikaphika, kumbukirani malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO akuti chakudya chotere chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, popeza tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timaswana msanga pamalo ofunda. Mukapita kumalo osambira, sankhani munthu wamkulu mmodzi woti ntchito yake ikhale kuyang'anira ana basi, osagwira foni, ndipo muzisinthana, chifukwa mwana akamamira nthawi zambiri sakuwa. Kumadera kumene nyengo yotentha imabwera ndi mvula yamabingu, mukamva bingu lowani m'nyumba kapena m'galimoto, musabisale pansi pa mtengo, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatulukenso.

Nkhani ya ndalama ndi imene imabweretsa manyazi ambiri pakati pa achibale, ndipo imafunika kuikonza mwanzeru alendo asanafike. Onani zimene mungakwanitse popanda kutenga ngongole, ndipo ngati pali malo okwera mtengo amene gulu lonse likufuna, kambiranani ndi achibale a msinkhu wanu za kugawana mtengowo, osati pamaso pa makolo kapena pawindo logulitsira matikiti. Mizinda yambiri ili ndi zinthu zabwino zosalipiritsa, monga mapaki, minda yamaluwa, magombe, nyumba zakale zopemphereramo ndi zionetsero zapanja, ndipo tsiku lotere silikhala lotsika poyerekeza ndi tsiku lolipira. Mlendo akaumirira kuti alipire chakudya tsiku lina, muloleni, chifukwa munthu wamkulu amene wakhala akulandira zokhazokha kwa sabata yathunthu amafuna nayenso kupereka, ndipo kumukaniza nthawi zonse kumamuchititsa kudziona ngati mtolo.

Pamalo odzaza anthu gwirizanani musanalowe za pamene mudzakumane wina akasochera, ndipo pakhale pamalo ooneka patali. Lembani adiresi yanu ndi nambala yanu ya foni pakapepala, muike m'thumba mwa mwana aliyense ndi mwa wamkulu aliyense amene sadziwa chilankhulo cha mumzindamo, popeza foni ikhoza kutha moto kapena kubedwa. Jambulani ana m'mawa musananyamuke kuti mukhale ndi chithunzi chosonyeza zovala zimene avala tsikulo. Achenjezeni alendo za akuba a m'matumba ndi za kawolokedwe ka misewu, makamaka ngati kwawo magalimoto amayenda mbali ina ya msewu, koma musawaopseze mpaka kuuona mzinda wonse ngati phanga la achifwamba.

Si bwino kuumiriza gulu lonse kuchita chinthu chimodzi tsiku lililonse. Achinyamata akhoza kupita kokasambira ndi mlamu wanu pamene inu mwatsala pakhomo ndi azakhali mukucheza, ndipo madzulo aliyense amakhala ndi nkhani yofotokozera anzake. Pakatha masiku awiri oyenda, lachitatu likhale lopuma, lochapa zovala ndi locheza, chifukwa nkhani zofunika za m'banja sizikambidwa anthu akuthamangira basi. Inunso mumatopa, makamaka ngati mukupitabe kuntchito, ndipo wolandira alendo akatopa amayamba kuyankha mwachidule mosazindikira, zomwe mlendo amaziona msanga n'kuyamba kuganiza kuti wakhalitsa. Gawanani ntchito ndi a m'nyumba mwanu, ndipo ngati alendo akhala nthawi yaitali, aphunzitseni njira imodzi yosavuta, monga yopita kupaki kapena kusitolo yapafupi, kuti azitha kutuluka okha inu kulibe.

Tsiku lomaliza lisakhale ndi ulendo wautali. Lisiyeni kuti likhale logula mphatso za otsala kunyumba, lolongedza katundu, ndi lobwerera kumalo amodzi amene alendo anawakonda ngati nthawi ilipo. Tumiziranani zithunzi mukadali limodzi, ndipo zingapo muzitsukitse kuti okalamba amene sagwiritsa ntchito foni zamakono anyamule m'manja. Tsimikizirani nthawi yonyamukira basi, sitima kapena ndege kutatsala tsiku limodzi, ndipo munyamuke pakhomo mofulumira powerengera kuchuluka kwa magalimoto pamsewu. Mankhwala, ziphaso, matikiti ndi madzi akumwa zikhale m'chikwama chapamanja osati m'katundu wamkulu, kupatula kuti pamabwalo ambiri a ndege botolo liyenera kudutsa pachipata cha chitetezo lili lopanda kanthu n'kukadzazidwa m'kati. Muuzeninso amene akawalandire kwawoko nthawi imene akuyembekezeka kufika, ndipo mupemphe kuti akuimbireni akangofika.